Chifefe cha Apongozi ndi Anthu a pa Imelo

Ntchito yanga inali yotayipa. Ndinkagwira pa ofesi ya bungwe lina laling'ono lothandiza alimi a kachewere ndi ndiwo zamasamba pa boma la Dedza, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, matipate atakhazikika kale. Ofesiyo inali ya zipinda zitatu, ndipo kompyuta anaiika m'chipinda changa. Kawiri pa tsiku ndinkailumikiza ku waya wa foni, iyo n'kulira ngati nkhuku yotsamwidwa, kenaka makalata a imelo n'kuyamba kutsika imodziimodzi. Ine ndinkawasindikiza pa pepala n'kukawaika pa tebulo la abwana.

Abwanawo anali Mmalawi mnzathu, katswiri wa zaulimi amene anaphunzira kunja. Ali kumeneko anazolowera kupita kosaka mbalame ndi anzawo, ndipo analowa m'gulu lina la pa imelo la anthu okonda mfuti zakale. M'gululo munthu mmodzi akalemba kalata, inkafika kwa onse, ndipo wofuna kuyankha ankayankha onse akuona. Makalata amenewa ankachuluka kuposa a ntchito. Poyembekeza kuti makina amalize kusindikiza, ndinkawawerenga. Ndimakumbukira kuti ndinaseka ndekha nditaona akuluakulu asanu akukangana masiku atatu za mafuta oyenera kupaka mtengo wa kumbuyo kwa mfuti.

Ndinaseka, koma kwathu mfuti siinali nkhani yoseketsa. Zaka zimenezo mfuti inali dzina la mantha. Nkhondo ya kutsidya kwa malire inali itatha, koma zida zake zinali zikuyendabe m'matumba a chimanga. Amwenye ndi Asilamu a masitolo a m'mbali mwa msewu waukulu anali ataika zitsulo m'mawindo, ndipo ankatseka dzuwa likadalipo. Kwa ine, munthu wonena kuti amakonda mfuti anali wakuba kapena wopenga.

Mfuti imodzi yokha ndiyo ndinkaidziwa kuti si ya akuba. Apongozi anga aamuna, kumudzi kwa amuna anga ku Kaphuka, anali ndi chifefe cha mipope iwiri. Anachipeza ali mnyamata pa esiteti ina komwe ankalondera minda, ndipo mwini esitetiyo pobwerera kwawo anawasiyira, mapepala ake n'kuwasinthitsa bwinobwino. Chaka ndi chaka ankabwera pa boma kudzakonzetsa laisensi atavala jekete yawo ya kutchalitchi. Munda wawo unali m'munsi mwa phiri, ndipo anyani ankautenga ngati wawo. Ndinali nditakhala pabanja zaka zisanu ndi chimodzi, koma ine ndi iwo tinali tisanalankhulanepo zopitirira moni. Ndinkagwada chapatali, iwo n'kufunsa za ana akuyang'ana kumbali, basi. Zina zonse zinkadutsira kwa apongozi aakazi.

Tsiku lina popereka mapepala ndinafunsa abwana ngati anthu awo aja angadziwe mfuti yakale ya kumudzi. Anandiuza kuti ndiwafunse ndekha, ndipo anandilowetsa m'gululo, bola ndizilemba nthawi ya nkhomaliro. Ndinalemba mizere isanu ndi Chingerezi changa cha ku sekondale. Ndinanena kuti ndine mayi wa ku Malawi, sindinagwirepo mfuti, koma apongozi anga ali nayo yakale kwambiri ndipo palibe akudziwa komwe inapangidwa.

Mawa lake ndinapeza mayankho ambiri, ndipo chimene chinandidabwitsa n'chakuti palibe ndi mmodzi yemwe amene anayamba ndi za mfutiyo. Anayamba ndi kufunsa ngati pakhomopo pali ana, ngati imasungidwa yopanda zipolopolo, ngati zipolopolozo zimakhala kwina, ndiponso ngati boma likuidziwa. Bambo wina wachikulire, amene anati anapuma ntchito yokonza zitsulo za sitima zapamtunda ku dziko lina lozizira, anandilembera malamulo amene anati ndiwasunge ndisanaiyandikire. Mfuti iliyonse uziyiyesa yodzaza mpaka utaona wekha ndi maso ako. Kukamwa kwake kusaloze munthu ngakhale mocheza. Atatero ndi pomwe anandiuza kuti pansi pa mipope pamakhala tizizindikiro tosindikizidwa pa chitsulo, ndipo ndikawauza maonekedwe ake akhoza kudziwa zambiri. Bambo amenewa kwathu tinkangowatchula kuti akulu a zitsulo.

Vuto linali lopempha apongozi. Ndinauza amuna anga, amene anali mphunzitsi pa pulayimale ina pa boma pomwepo. Iwo anakauza amayi awo, amayi awo n'kuuza abambo. Yankho linabwera ndi munthu wogulitsa kabichi: ndibwere Loweruka m'mawa.

Apongozi aamunawo ndinawapeza atayala chiguduli pansi pa mtengo wa pichesi, chifefe chili pamwamba pake. Ndinagwada pomwe ndinkagwada masiku onse, koma anandikodola kuti ndisendere. Ananyamula mfutiyo, kuilozetsa ku phiri, kuithyola pakati pomwe imatsegukira, n'kundionetsa kuti mipope yonse iwiri ilibe kanthu. Anandiuza kuti ndisuzumire ndekha, ndisakhulupirire mawu awo. Ndinadabwa, chifukwa ndi zomwezo zimene akulu a zitsulo anali atandilembera, pomwe apongozi anga sanawerengepo Chingerezi ngakhale liwu limodzi. Nditawauza zimenezo, anangoti munthu wophunzitsidwa bwino amadziwika kulikonse.

Makina otumizira zithunzi tinalibe. Ndinaika pepala pa tizizindikiro tija n'kukwecha ndi pensulo, ndipo Lolemba ndinatifotokoza ndi mawu: kachisoti kachifumu, timitanda tiwiri topingasa, zilembo zitatu, nambala yofufutika theka. Ndinanenanso kuti chitsulo cha mipope chili ndi mizere yopotana ngati madzi a pa mtsinje. Gulu linatekeseka sabata yathunthu. Wina anatsegula mabuku, wina anafunsa mnzake, awiri anatsutsana za chilembo chimodzi mpaka mmodzi anavomera poyera kuti walakwa ndipo anathokoza womukonzayo. Ine ndinali ndisanaonepo mwamuna wamkulu akuvomera kulakwa pagulu popanda womukakamiza. Nthawi imeneyo pa wailesi tinkangomva andale akunyozana, aliyense wolondola yekha. Pamapeto anagwirizana kuti mfutiyo inapangidwa ku Ulaya agogo athu asanabadwe.

Kenaka anayamba kufunsa za mwini wake. Ankafuna kudziwa m'mene anaitetezera ku dzimbiri zaka zonsezo m'nkhungu ya ku mapiri kwathu, ndi m'mene anyani amachitira akaiona. Ndinayamba kupita ku Kaphuka Loweruka limodzi pa milungu iwiri iliyonse, mapepala ali m'chikwama. Ndinkawerenga Chingerezi n'kumamasulira, iwo n'kumayankha, ine n'kumalemba m'kope. Anati amaipukuta ndi mafuta a makina osokera ndi kansalu ka thewera lakale, Lamulungu lililonse akachoka ku Misa, kaya yawombedwa kaya ayi. Anati pa moyo wawo wonse anyani amene anapha sakwana zala za dzanja limodzi, chifukwa mfuti ya m'munda ntchito yake ndi kulankhula. Ukawombera m'mwamba kamodzi mkulu wa anyani akuona, gulu lonse limakumbukira masiku angapo. Anati nyani amadziwa kusiyanitsa mfuti ndi mpini wa khasu ali patali, ndiponso kuti saopa mzimayi ngakhale atavala buluku la amuna ake.

Anthu a pa imelo anakonda kwambiri nkhani zimenezi. Mayi wina wa m'gululo, amene anati amaweta nkhosa kwinakwake, analemba kuti wawerengera ana ake za anyani aja pa chakudya. Ena ankayamba makalata awo ndi moni kwa apongozi anga, ndipo ndikamasulira moniwo iwo ankayankha mwaulemu, akuwomba m'manja pang'ono, ngati munthuyo wakhala pa mpando patsogolo pawo. Mapepalawo ankawapinda n'kuwasunga m'kabokosi ka malata momwe munkakhala laisensi. Apongozi aakazi ankaseka akupeta nyemba, amvekere mkamwana wawo walanda amuna awo ndi mapepala. Ine ndinali nditasiya kugwada chapatali. Anandipatsa kampando.

Dzinja lili mkati, akulu a zitsulo anandipempha chinthu china. Anati mizere yopotana ija ikuwadetsa nkhawa, chifukwa mipope yotero inapangidwira wonga wakale wofatsa, osati zipolopolo za masiku ano. Anati ndikatsimikiza kuti ilibe kanthu, ndiyendetse zala pang'onopang'ono kunja kwa mpope uliwonse nditatsinzina, kenaka ndisuzumire mkati moyang'ana kowala. Ndinachita zimenezo Loweruka lotsatira, apongozi atapita kukatenga kope langa lomwe ndinaiwala pakhonde. Pa mpope wa kumanja, chapakati, zala zanga zinakwera kachitunda kakang'ono kosaoneka ndi maso. Mkati mwa mipope yonse iwiri munali timaenje takuda ngati nthomba. Sindinawauze kanthu.

Nditalemba ku gulu, mayankho anali amodzi. Mfutiyo isawombedwenso. Tsiku lina mpope udzaphulika, ndipo pamene pali chotupacho ndi pomwe dzanja lamanzere limagwira. Panali mnyamata mmodzi wa m'gululo wokonda kulankhula mokweza amene analemba kuti ena akuwonjeza, mfuti yomwe yagwira ntchito zaka zonsezi siingafe lero. Anthu anamudzudzula, osamutukwana, koma osamunyengereranso. Anamufunsa ngati angalole bambo ake omubala kuigwira. Mawa lake analemba kupepesa kwa ine ndi kwa apongozi, n'kunena kuti mawu ake ndisawamasulire.

Koma amene analakwa kwenikweni ndinali ine. Chimanga chinali chitamasula, anyani atayamba kutsika, ndipo ine ndinkadziwa chimene chifefe chija chinali kwa apongozi anga. Mkamwana angayambe bwanji kuuza apongozi ake kuti chinthu chimene akhala nacho kuyambira unyamata chatha ntchito? Ndinkaopanso kubwezedwa pomwe ndinkagwada paja. Choncho Loweruka ndinagwira pepala lolembedwa kuti isawombedwenso, koma pakamwa panga panatuluka zoti anzawo akuti aziigwiritsa ntchito mosamala chifukwa yakalamba. Anagwedeza mutu n'kunena kuti awo ndi malangizo abwino. Anapinda pepalalo n'kuliika m'kabokosi.

Lolemba akulu a zitsulo anafunsa kuti mwini mfuti waulandira bwanji uthenga. Ndikanatha kunama, palibe akanadziwa. Koma miyezi yonseyo ndinali nditaona anthu aja akuuzana zoona ngakhale pa kachilembo kofufutika, ndipo manyazi anandigwira. Ndinalemba zimene ndinachita, ndi chifukwa chake. Ndinafotokoza za ulemu wa pakati pa mkamwana ndi apongozi, ndikuyembekeza kuti sadzamvetsa.

Yankho la akulu a zitsulo linafika masana omwewo. Sanandinyoze. Anati mwambo wathu sakuudziwa ndipo sangandiphunzitse m'mene ndingalankhulire ndi apongozi anga. Kenaka anandiuza chinthu chimene anati gulu lonse linali lisanamvepo. Dzanja lawo lamanzere lili ndi zala zitatu. Ali mnyamata anagula mfuti yakale kwa mnansi wawo, ndipo mnansiyo ankadziwa kuti mpope wake uli ndi vuto koma anachita manyazi kunena. Anati mnansiyo anali munthu wabwino, waulemu kwambiri, ndipo anakhala zaka zambiri akulephera kuwayang'ana kumaso. Anamaliza ndi kunena kuti sakufuna kuti ine ndidzakhale mnansi ameneyo.

Ndinapita kwa abwana ndi pepalalo m'manja. Ataliwerenga anandiuza kuti ndinyamuke pompo, makalata a ntchito adikira. Ndinakwera matola ya alimi obwerera kumsika, ndipo mvula inatipeza panjira. Ndinafika ku Kaphuka nditanyowa, chitenje chitamata m'miyendo. Apongozi aakazi anandiuza kuti abambo ali kumunda kuyambira m'mawa. Sindinakhale pansi.

Ndinawapeza pa kansanja kawo kolondererapo, chifefe chili pamiyendo, maso ali ku phiri. Atandiona mkati mwa sabata anadziwa kuti si zabwino, ndipo anayamba ndi kufunsa ngati ana ali moyo. Ndinagwada m'matope momwemo.

"Bambo, ndinakunamizani Loweruka. Pepala lija silikunena kuti muziigwiritsa ntchito mosamala. Likunena kuti musaiwombenso."

Anatsika pa nsanja, kulozetsa mfuti kumbali, kuithyola, n'kutulutsa chipolopolo chimodzi. Chinali m'mpope wa kumanzere. Wa kumanja unali wopanda kanthu. Kenaka anaika chala chawo pomwe panali kachitunda paja, osafufuza n'komwe. Anati chinabwera chaka china ataterereka m'dambo, matope n'kulowa kukamwa kwa mpope iwo osaona. Kuyambira pamenepo ankawombera wa kumanzere wokha, ndipo sanauze munthu aliyense, ngakhale apongozi aakazi. Ndinawauza kuti anzawo akuti nawo wa kumanzere wadyeka mkati. Ndinatulutsa pepala lonyowa la akulu a zitsulo n'kulimasulira lonse, liwu ndi liwu, osachotsa kanthu.

Nditamaliza anafunsa kuti ndi zala ziti zimene mkuluyo anataya. Ndinati sananene. Anayang'ana dzanja lawo lamanzere kwa nthawi, akulitembenuza.

"Dzukani m'matopemo, mayi," anatero. "Mwachita bwino kubwera. Koma tsiku lina mukadzaona chinthu, muzindiuza tsiku lomwelo. Ine si dzira."

Anandipatsa chipolopolo chija kuti ndinyamule, iwo n'kunyamula mfuti ili yothyola pa mkono, ndipo tinabwerera kunyumba iwo patsogolo ine pambuyo. Sabata yotsatira anavala jekete yawo n'kubwera pa boma kudzapereka zipolopolo zotsala kwa apolisi. Mfutiyo anapitiriza kuikonzetsera laisensi ndi kuipukuta Lamulungu lililonse, koma siinalankhulenso.

Sindinganene kuti zonse zinayenda bwino. Anyani anazindikira msanga kuti phiri lakhala chete, ndipo chaka chimenecho anadya chigawo chonse cha kumtunda kwa munda. Alamu anga aang'ono anakwiya. Anati azungu a m'makina atidyetsa njala, ndipo anabwera ndi nkhani yoti ku malire kuli munthu wogulitsa mfuti ya nkhondo motchipa, yosafuna mapepala. Apongozi anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati mfuti yobwera mobisa imachokanso ndi munthu mobisa, ndipo m'nyumba mwawo siilowa. Nditalemba za nkhaniyi ku gulu, palibe amene anafunsa mtundu wa mfutiyo, ngakhale anali anthu ofunsa mtundu wa chilichonse. Anangoti mkuluyo wanena zoona.

Anthu a pa imelo aja sanatisiye ndi anyani athu. Kwa milungu ingapo gulu la okonda mfuti linasanduka gulu lothamangitsa anyani, nyama imene ambiri a iwo anangoiona pa chithunzi. Wina anati timange magalasi m'mitengo, wina anati tiike wailesi m'munda. Apongozi ankaseka mpaka kutsokomola ndikamamasulira, amvekere nyani adzavina nayo wailesiyo kenaka n'kupita nayo kuphiri. Koma mayi wa nkhosa uja anafunsa ngati kwathu kulibe chinthu china cholira ngati mfuti, ndipo funsolo linawakumbutsa chikwapu cha khonje chimene abusa a ng'ombe ankaluka iwo ali ana. Anadula khonje kuseri kwa khola, kulipala, kuliyanika, n'kuluka chikwapu chachitali kuposa munthu, chonenepa kogwira, chowonda ngati ulusi kunsonga. Akachizunguza pamutu n'kuchibweza mwadzidzidzi, chinkalira mpaka phiri kuyankha. Ankapita kumunda chifefe chopanda kanthu chili paphewa kuti mkulu wa anyani achione, chikwapu chili m'manja. Sichinawanamize anyani masiku onse, koma chimanga cha kumunsi chinapulumuka.

Gulu linafuna kudziwa kalukidwe kake. Ndinakhala Loweruka lathunthu ndikuyang'ana zala za apongozi n'kumalemba: chingwe ichi pamwamba pa icho, icho pansi pa chinacho. Iwo ankamasula n'kuyambiranso kuti ndione bwino, ndipo ndikalakwitsa ankandiuza mosazungulira. Patapita milungu iwiri, mnyamata wolankhula mokweza uja analemba kuti waluka chake ndi chingwe cha m'sitolo, ndipo pochiyesa wadzikwapula khutu. Apongozi anandiuza kuti ndimulembere kuti azibweza mkono ali chopendekera, ndiponso kuti nawo khutu lawo linalawapo ali mwana.

Ndinakhala m'gululo pafupifupi zaka ziwiri. Mfuti sindinawombepo mpaka lero, ndipo sindikufuna. Chimene ndinatengako ndi kachitidwe ka anthu aja pa chinthu choopsa chimene ankachikonda: ankachiopa tsiku lililonse ngati achiona koyamba, ndipo pa nkhani yokhudza thupi la munthu sankasankha mawu okoma. Pambuyo pake ndinagwira ntchito pa chipatala china chaching'ono, yomasulira pakati pa dokotala wachilendo ndi odwala, ndipo nthawi zambiri lilime linkafuna kufewetsa zimene dokotala wanena. Ndinaphunzira kufewetsa mawu olowera, koma uthenga weniweniwo kuupereka wonse.

Bungwe lathu litamaliza ntchito yake ku Dedza, tinauzidwa kuti kompyuta ipita ku Lilongwe Lachisanu. Loweruka la sabata yapitayo ndinakauza apongozi, ndipo anandiuza zoti ndilembe. Anathokoza aliyense malinga ndi ntchito yake, wa nkhosa, wa mabuku, wa khutu. Kwa akulu a zitsulo anati ndilembe kuti ngati adzafike ku Malawi, atsike pa Dedza afunse njira ya ku Kaphuka, adzapeza mapichesi akupsa mwezi wa Disembala, ndipo mpando ulipo. Ndinatumiza kalatayo Lachinayi masana. Lachisanu m'mawa galimoto inafika ndisanalumikize waya wa foni, ndipo amuna awiri ananyamula kompyuta ija ndi mayankho onse ali m'njira. Ndinawathandiza kukulunga mawaya, kenaka ndinasesa pomwe inkakhala n'kubwezerapo taipilaita yakale.